Juga Yavala Jekete

Makolo athu ankaidziwa juga ndi nkhope yake: anyamata obisala kuseri kwa sitolo, makadi m'manja, maso ali kunjira. Lero juga yasamba, yavala jekete, ndipo ikufuna kuti tiziitchula msika.

Ku America kuli makampani monga Kalshi ndi Polymarket amene amadzitcha misika ya zolosera. Kumeneko munthu amagula "inde" kapena "iai" pa funso lonena kuti: kodi pa mpira wakutiwakuti zigoli zonse pamodzi zidzaposa ziwiri ndi theka? Theka la chigoli palibe analionapo. Analiikapo dala kuti pasakhale kulepherana, koma wina apate, wina alire. Mtengo wake umayenda pakati pa senti 1 ndi masenti 99. Wolosera bwino alandira dola imodzi, wolakwa abwerera chimanjamanja. Kalshi inayamba malonda otere pa zamasewero m'chaka cha 2025, ndipo chaka chomwecho oyang'anira juga ku Nevada ndi ku New Jersey anailamula kuti ileke, ponena kuti kumeneko n'kubetcha. Kampaniyo inakana, nithamangira kukhoti.

Oikira kumbuyo misika imeneyi amati munthu salimbana ndi mwini juga, anthu amagulana okhaokha, ndiponso ukhoza kugulitsa ulosi wako mpira uli m'kati. Ife tikuti poipitsitsa ndi pomwepo. Wobetcha wakale ankaponya ndalama kamodzi, nadikira wenzulo yomaliza. Uyu walero akuyesedwa mphindi iri yonse: gula, gulitsa, gulanso, bweza zimene wataya.

Kumbukirani mpira wotsiriza wa chikho cha dziko lonse ku Qatar, pa 18 Disembala 2022. Argentina inali kutsogola 2 kwa 0 mpaka mphindi ya 79. Tiyerekeze munthu amene akanagula "iai" tsiku limenelo: akanaona mtengo ukukwerakwera, nadziyesa katswiri wa malonda. Pa mphindi ya 80 Mbappé anamwetsa penate, ndipo chuma chonse chija chikanathera pomwepo. Mphindi ziwiri zisanathe anagoletsanso china. Kodi ndi nzeru yanji, ndi sukulu iti, imene ikanamuuziratu zimenezi?

Tsono msika weniweni timaudziwa. Mayi apita ndi dengu la tomato, wogula abwera ndi ndalama, ndipo onse awiri abwerera kwao ali ndi kanthu. Nanga pa msika wa zigoli chalimidwa n'chiyani? Chasokedwa n'chiyani? Ndalama imene iwe wapata yachoka m'thumba la mnzako amene sumuona, ndipo eni Kalshi amadulapo kawo pa malondawo, ngakhale ulire ndiwe kapena iye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpingo sunena kuti masewero a mwayi ali onse ndi tchimo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2413, amaphunzitsa kuti amaipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa iwo amene amadalira iye, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha juga chingathe kusandutsa munthu kapolo. Tikudziwa kuti ena atifunsa za matikiti a mwayi amene timagulitsa pa parishi pomanga tchalitchi. Funso limenelo n'labwino, ndipo ife ansembe tisalizembe. Komabe tikitiyo imagulidwa kamodzi pa chaka, poyera. Siikutsata munthu kuchipinda usiku.

Wina anganene kuti za ku America zisatidetse nkhawa. Koma kubetcha pa kuchuluka kwa zigoli kunafika kale kwathu kuno, m'lamya za m'manja za ana athu, ndipo dzina laulemu lokha ndilo likali m'njira. Likadzafika, mnyamata amene kale ankachita manyazi adzauza amai ake kuti akuchita bizinesi, ndipo ndalama ya feteleza idzatchedwa mpamba.

Ngakhale mpirawo waonongeka. Tamuonapo mnyamata atavala malaya a timu yake, akudumpha ndi chimwemwe pamene adani agoletsa timu yomweyo, chifukwa iye anali kusowa chigoli chachitatu. Anzake anamuyang'ana modabwa, koma iye maso anali pa lamya.