Chikole cha Wogula Chisakumangeni Manja

Alimi anzathu a kwa Mwadzama, nyengo yokolola mpunga ikamayandikira, ogula amayamba kuzungulira m'midzi ya ku Benga ndi m'madambo a m'mphepete mwa nyanja. Ena amasiya kandalama ngati chikole, nanena kuti adzatenga matumba akuti pa mtengo wakuti. Ife tikuti musathamangire kulandira musanamvetse chimene mukugulitsa.

Malonda otere si achilendo. M'misika ikuluikulu ya masheya amaŵatcha option, ndipo mumzinda wa Chicago anatsegula msika wakewake wa malondaŵa m'chaka cha 1973. Munthu amalipira ndalama pang'ono kuti akhale ndi ufulu wogula katundu pa mtengo umene agwirizana, tsiku loikidwa lisanapitirire. Mtengo ukakwera, iye amagula motchipa. Ukatsika, amangobwerera, nataya kandalama kaja kokha. Womangidwa ndi wogulitsa, pakuti iye sangakane.

Taganizani tsono za dimba lanu. Mtengo wa mpunga wa Faya ukakwera, mwini chikole adzafika m'mamaŵa ndi matumba ake, phindu lonse n'kukhala lake. Ukatsika, simudzamuonanso, ndipo mpunga mudzasaka nawo msika nokha. Zinthu zikakoma wadya ndi iye, zikaipa wolira ndinu.

Sitikunena kuti pangano lotere ndi loipa nthaŵi zonse ayi. M'chaka cha 2005 chimanga chitakanika chifukwa cha ng'amba, Boma la Malaŵi linachita pangano ndi Standard Bank ya ku South Africa. Panganolo linapatsa Boma ufulu wogula matani 60,000 a chimanga pa mtengo wokhazikika, potsata mitengo ya pa msika wa SAFEX ku Johannesburg. Ndalama yogulira ufuluwo inaperekedwa ndi boma la Britain. Miyezi yotsatira mitengo inakweradi, koma dziko lathu linagula pa mtengo wakale uja, chimanga n'kufika kwa anthu anjala. Boma silinalosere kanthu. Linavomereza kuti za maŵa sizidziŵika, nilidziteteza.

Apa ndi pamene pagona phunziro. Palibe munthu amene amadziŵa mtengo wa maŵa, kaya wa mpunga, wa fodya kapena wa masheya. Chodziŵika n'chakuti mbewu zimatsika mtengo pokolola, nizikwera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma. Koma ngakhale chimenechi chimasintha mvula ikagwa bwino kapena malamulo ogulitsa kunja akasintha. Choncho chenjerani ndi anthu a pa lamya za m'manja amene amati tumizani ndalama, ife timadziŵa kumene mitengo ikupita. Akadadziŵadi, sakadafuna ndalama zanu za feteleza. Wofuna masheya apite ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene kampani yoyamba, NICO, inaloŵa m'chaka cha 1996, ndipo adzere kwa ogulitsa ovomerezeka.

Nanga mlimi achite chiyani? Choyamba, patulani chakudya cha banja cha chaka chonse ndi mbewu yobzala. Chachiŵiri, zotsalazo musagulitse tsiku limodzi. Gaŵani magawo aŵiri kapena atatu. Chachitatu, mukavomera chikole, pangano lilembedwe pamaso pa a Nyakwaŵa kapena komiti ya kalabu yanu. Lionetse mtengo, kulemera kwa thumba pa sikelo, tsiku lomaliza, ndiponso linene poyera kuti wogula akapanda kubwera chikole sichibwerera. Inu olima fodya m'maesiteti, funsani mtengo wa giredi iliyonse ndi mtengo wa zimene mukutenga pa ngongole nazale isanafesedwe.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mlimi wanzeru saika thukuta la chaka chonse pa kulosera kwa munthu wina. Musanasaine, funsani Alangizi a zamalimidwe a m'dera lanu.