MANKHWALA OIWALITSA: NANGA CIKUMBUMTIMA CIDZATSALA KUTI?

Kale anthu anali kuganiza kuti cinthu cikalowa m'bongo cikhala momwemo mpaka imfa. Tsopano akatswiri a sayansi aonetsa kuti zimene munthu akumbukira zikhoza kufooketsedwa, ngakhale kusinthidwa kumene.

Nkhaniyi inayamba ndi tsoka. M'caka ca 1953, mu mzinda wa Hartford ku America, dotolo William Scoville anacotsa mbali zina za bongo wa Henry Molaison pofuna kucepetsa khunyu. Khunyu linacepadi, koma kufikira imfa yake mu 2008, Molaison sanathenso kusunga m'mutu zinthu zatsopano. Munthu amene analankhula naye m'mawa anali mlendo kwa iye madzulo.

Mu 2000, Karim Nader anapeza mwa makoswe kuti cinthu cikakumbukiridwa cimafewa kwa kanthawi, monga dothi la mbiya lisanaume, ndipo panthawiyo cikhoza kusinthidwa. Mu 2013, gulu la Susumu Tonegawa linacititsa mbewa kuopa bokosi limene sizinazunzikemo konse. Akatswiri ena, monga Alain Brunet wa ku Montreal, ayesa kupatsa propranolol, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kwa anthu ozunzika ndi zoopsa zakale pamene afotokoza zimene anaona. Odwala ena anapepukidwa mtima, koma zotsatira za kuyesaku sizinafanane ponseponse.

Palibe angakanize cifundo cotere kwa mai wogwiriridwa, kapena kwa munthu wopulumuka pa ngozi amene sagona tulo. Koma kucotsa ululu ndi kucotsa coonadi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mboni ikaiwala, woweruza adzamva ciani m'khoti? Wopha mnzake akafafanizidwa cisoni, adzalapa bwanji? Ndipo ngati mbewa ikhoza kukumbukira zimene sizinacitike, ndani adzateteza mkaidi kapena msilikali tsiku limene nzeruyi idzafika pa anthu?

Njira yosankha cinthu cimodzi m'bongo wa munthu ndi kucifafaniza ikalibe kupezeka, koma cakudza siciimba ng'oma. Malamulo ayenera kutsogola. Mwini bongo avomere yekha atauzidwa zonse, popanda kukakamizidwa ndi wom'lemba nchito, mkulu wa asilikali kapena abale ofuna kubisa mlandu. Dotolo apoze bala, koma cipsera acisiye, pakuti ndico cicitira umboni wa zimene zinacitika.