Chenjerani anthu a ku Karonga: msonkho wa ku Kayelekera usathawenso

Anthu a ku Karonga, dzukani. Mgodi wa uranium wa Kayelekera watsegulidwanso, ndipo ngati mugona tulo monga tinagonera ulendo woyamba uja, mudzadzidzimuka miyala itatha, dzenje litatsala, ndalama zitapita kutsidya la nyanja. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mverani bwino.

Kumbukirani zimene zinachitika. Mu February 2007, boma la Bingu wa Mutharika linasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku Australia yotchedwa Paladin. Mu 2009 mgodi unayamba kugwira ntchito, makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa tauni ya Karonga, panjira yopita ku Chitipa. Munaona magalimoto akuluakulu akukwera mapiri aja. Ena mwa ana anu analembedwa ntchito. Mitengo ya lendi m'tauni inakwera. Tinauzidwa kuti chitukuko chafika.

Mu 2014 mgodi unaima, pomwe mtengo wa uranium unali utagwa kutsatira ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ya mu 2011. Antchito ambiri anabwerera kumudzi. Zimenezo munaziona ndi maso anu. Koma pali china chimene simunachione, chifukwa chinkachitikira m'mabuku a akaunti, kutali ndi fumbi la Kayelekera.

Mu June 2015 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti m'zaka 6, dziko la Malawi linataya madola a ku America oposa 43 miliyoni a msonkho pa mgodi umodzi womwewu. Bungwelo linawerengera kuti ndalama imeneyi ikanakwanira kulipira anamwino 17,000 kwa chaka chathunthu, kapena aphunzitsi 39,000. Inu amene mumakhala pamzere kuchipatala kuyambira m'mamawa, inu amene mwana wanu amaphunzira m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ganizirani manambala amenewo.

Kodi ndalamazo zinatuluka bwanji? Imvani, chifukwa zina mwa njira zake zikadali zotsegula.

Khomo loyamba tinatsegula tokha. Lamulo linkati wokumba miyala azipereka royalty ya 5 peresenti pa zimene wagulitsa. Mgwirizano wa 2007 unatsitsa kufika pa 1.5 peresenti kwa zaka zitatu zoyamba, kenako 3 peresenti. Apa pokha, malinga ndi ActionAid, panapita madola oposa 15 miliyoni. Msonkho wa pa phindu la kampani unatsitsidwanso kuchoka pa 30 kufika pa 27.5 peresenti, ndipo boma linalonjeza kuti silisintha zimenezi kwa zaka 10. Zonsezi anakambirana mobisa. Kwa zaka zambiri mgwirizanowo unali chinsinsi, ngakhale kuti miyalayo inali yanu.

Khomo lachiwiri ndiye loopsa kwambiri, ndipo ndikufuna mulimvetse bwino.

Kampani ya kuno, Paladin Africa, inayendetsa mgodiwo makamaka ndi ngongole, gawo lalikulu la ndalama zake likuchokera kwa makampani apachibale. Wokongola amalipira chiwongoladzanja. Kampaniyo inkalipiranso ndalama zimene amazitcha management fees, kunena kuti malipiro a upangiri woyendetsera ntchito. Malamulo athu panthawiyo ankati ndalama zoterezi zikamatuluka m'dziko, boma lidulepo 15 peresenti. Zikanapita molunjika ku Australia, a MRA akanadula gawo lathu.

Koma sizinapite molunjika. Zinadzera ku Netherlands, ku kampani yapachibale imene ActionAid inapeza kuti inalibe wantchito ngakhale m'modzi. Chifukwa chiyani Netherlands? Chifukwa Malawi anali ndi pangano lakale la misonkho ndi dziko limenelo, ndipo pangano limenelo linkachititsa kuti ndalama zoterezi zituluke popanda kudulidwa kanthu. Pakati pa 2009 ndi 2014, madola oposa 183 miliyoni anadutsa njira imeneyi. Msonkho umene tinataya pamenepo ndi madola oposa 27 miliyoni.

Zili ngati thumba la mpunga wa Kilombero limene mwalisoka bwino kukamwa, mwaliika panjinga, mukulondera kuti wina asalitsegule, pomwe pansi pake pali chiboo. Mukafika ku msika thumba ndi lomangabe, koma lapepuka.

Musanamizidwe kuti panali wakuba amene anathyola loko. A Paladin anakana kuti anachita cholakwa. Anati anatsatira malamulo, anaika ndalama zambiri m'dziko muno, ndipo mgodiwo sunawapatse phindu. Anamangadi malo oyeretsera madzi a m'tauni ya Karonga. Ngakhale a ActionAid sananene kuti panaswedwa lamulo. Chimene chiyenera kukuopsani ndi chimenechi: zonsezi zinali zololedwa. Dzanja limene linasaina linali la boma lathu lomwe.

Tsono yang'anani mmene inuyo mumakhomera msonkho. Mayi wochokera ku Kyela ndi katoni ya mafuta ophikira ndi zitenje zingapo, akafika pachipata cha Songwe amamasula katundu yense, wa kasitomu n'kuwerenga chimodzichimodzi. Wogulitsa usipa ndi tomato mumsika wa Karonga amadula chiphaso tsiku lililonse, malonda ayende kapena asayende. Mphunzitsi wa ku Kaporo malipiro ake amafika atadulidwa kale. Mukagula sopo, msonkho ulimo. Mukagula bandulo ya intaneti, msonkho ulimo. Inu mulibe kampani ku Amsterdam yoti muthawireko.

Musaganize kuti ndi nkhani ya migodi yokha. Foni imene ili m'thumba mwanuyo ili m'masewera omwewa. Mu 2017 kampani ya Google inadutsitsa ma euro 19.9 biliyoni kudzera ku kampani yake ya ku Netherlands, kupita ku Bermuda, kachilumba kopanda msonkho wa pa phindu la makampani panthawiyo. Netherlands yemweyo, njira yofanana. Mu 2020 ActionAid inawerengera kuti mayiko 20 amene akutukuka kumene angakhale akutaya madola 2.8 biliyoni pa misonkho ya Facebook, Microsoft ndi Alphabet, mwini wake wa Google. Mnyamata wa ku Chilumba akalipira kuti malonda ake aonekere pa Facebook, ndalama yake imatuluka m'dziko lino, ndipo phindu lake limakalembedwa kwina. Anzathu a ku Kenya anaona zimenezi n'kukhazikitsa msonkho wa malonda a pa intaneti mu 2021.

Koma Google ili kutali. Kayelekera ali pakhomo panu, ndipo apa mawu anu ali ndi mphamvu.

Mu 2020 Paladin inagulitsa mgodiwu, ndipo tsopano uli m'manja mwa kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, imene ili ndi magawo 85 pa 100, pomwe boma la Malawi lili ndi 15. Mu July 2024 anasainirana mgwirizano watsopano ndi boma, ndipo mu 2025 mgodi unayambanso kutulutsa uranium. Royalty yabwerera pa 5 peresenti, msonkho wa pa phindu pa 30 peresenti. N'zabwinoko kuposa za 2007. Pangano lakale lija ndi Netherlands nalonso linathetsedwa, n'kusainidwa lina mu 2015.

Sindikunena kuti a Lotus abisa ndalama. Ndikunena kuti musakhutire ndi manambala okongola a pa wailesi. Msonkho wa 30 peresenti umadulidwa pa phindu, ndipo phindu limasowa m'mabuku ngati ngongole zachuluka, ngati chiwongoladzanja chakwera, ngati malipiro a upangiri akupita kwa kampani yapachibale kunja. Magawo 15 a boma aja nawonso amabala ndalama pokhapokha phindu litalengezedwa. Kampani ingathe kukumba zaka zambiri, magalimoto akutuluka ndi katundu mwezi ndi mwezi, koma mabuku akunena kuti palibe chotsala choti boma lidulepo.

Choncho funsani mafunso, ndipo funsani mokweza. Phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, musamufunse za malata a tchalitchi okha. Mufunseni ngati mgwirizano wa 2024 anauwerenga yekha, tsamba ndi tsamba. Mufunseni kuti kampani ya kuno ili ndi ngongole kwa ndani, pa chiwongoladzanja chotani, ndipo wokongozayo ali m'dziko liti. Mufunseni kuti uranium akugulitsidwa kwa ndani ndipo pa mtengo wanji, komanso ndani wa boma amene amayeza kulemera kwa katundu asanadutse malire. Akayankha kuti n'zovuta kuti munthu wamba amvetse, muuzeni afotokoze m'Chinkhonde, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa mpaka mutamva.

Dziwaninso ufulu wanu. Lamulo la migodi limalamula makampani akuluakulu kupangana ndi anthu ozungulira mgodi, ndi kuika pa chitukuko chawo ndalama zosachepera 0.45 peresenti ya zimene agulitsa. Imeneyi si mphatso yoti muivinire. Ndi ngongole imene kampani ili nayo kwa inu. Funsani kuti chaka chino yakwana zingati, ili ku akaunti iti, ndipo osainira ndi ndani. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani kalata ku khonsolo ndi ku unduna wa migodi, sungani kope lake. Malawi analowanso m'bungwe la EITI mu 2015, ndipo malipoti ake amaonetsa zimene makampani a migodi analipira ku boma. Achinyamata ophunzira, apezeni malipoti amenewa, muwawerengere makolo anu.

Mafumu athu olemekezeka, kuyambira kwa anyakwawa mpaka kwa a Kyungu, tikukupemphani: musalole kuti nkhani ya mgodi izikambidwa m'chipinda chotseka, anthu anu ali panja. Atsogoleri a mipingo, aphunzitsi, atolankhani a mawailesi a m'dera, nkhaniyi ikambeni mpaka mwana wa sukulu adziwe kuti royalty n'chiyani.

Ku Mwabulambo munaona kale zimene zimatsala wokumba akachoka: kampani ya malasha inanyamuka mu 2015 n'kusiya maenje pafupi ndi nyumba ndi minda ya anthu. Uranium sadzameranso ngati chinangwa. Akamutenga wapita, ndipo msonkho umene sitinatolere chaka chino sitidzaupezanso. Pitani ku misonkhano, funsani mapepala, ndipo musachoke pakhomo pa ofesi musanalandire yankho lolembedwa.