Macbeth wa pa foni anavala chitsulo cha eni

Teremu yathayi, titamaliza kuwerenga Macbeth m'kalasi, mnyamata wina wa Fomu 3 anandipeza pansi pa mtengo wa mango pomwe aphunzitsi timakhala nthawi yopuma. M'manja anali ndi foni ya mkulu wake. “Aphunzitsi, taonani Macbeth wanga,” iye anatero akundipatsa foniyo ndi manja awiri.

Chithunzicho anajambula yekha ndi chala pa kapulogalamu kojambulira, ndipo akuti chinamutengera sabata ziwiri chifukwa foniyo amaitchaja kwa oyandikana nawo omwe ali ndi sola. Chinali chokongola kwabasi. Macbeth anali pa hatchi yaikulu yakuda, thupi lonse litakutidwa ndi zitsulo zonyezimira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chisoti chake chinali chotseka nkhope yonse, pamwamba pali nthenga yofiira. Lupanga linali lalitali ngati mwini wakeyo, ndipo pa chishango panali mkango. Ndinamuyamikira ndi mtima wonse, n'kumulonjeza kuti ndikapita ku boma ndikachisindikiza kuti tichimate m'kalasi.

Usiku womwewo mtima unayamba kundivuta. Pa maphunziro anga onse a dipuloma palibe amene anandiuzapo zomwe mfumu ya ku Scotland inkavala ku nkhondo. Ndinayamikira chinthu chomwe inenso sindinkachidziwa. Poti safunsa anadya phula, ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza, ndipo zomwe ndinapeza ndi zomwe ndikufuna tigawane sabata ino.

Macbeth anali munthu weniweni. Analowa ufumu wa Scotland mu 1040, Duncan ataphedwa ku nkhondo, ndipo analamulira zaka 17 mpaka pomwe naye anaphedwa ku Lumphanan mu 1057. Zovala zachitsulo zokuta thupi lonse, zija timaona m'mafilimu, zinafika pokhwima cha m'ma 1400. Ndiye kuti mwana wasukulu wangayu anaveka Macbeth chovala chomwe chinadza patapita zaka zoposa 300 iye ali m'manda. Zili ngati kujambula mfumu ya Amaravi itavala suti, foni ili kukhutu.

Nanga ankhondo a nthawi ya Macbeth ankaoneka bwanji? Umboni wapafupi uli pa nsalu yotchuka ya ku Bayeux, ku France. Nsaluyi ndi yotalika pafupifupi mamita 70 ndipo inapetedwa ndi ulusi wa ubweya patangopita zaka zochepa nkhondo ya ku Hastings itachitika pa 14 Okutobala 1066. Apa n'kuti patadutsa zaka 9 zokha Macbeth atamwalira. Pa nsaluyi ankhondo avala malaya ofika m'mawondo opangidwa ndi timphete tachitsulo tolumikizana. Zisoti zawo ndi zosongoka pamwamba, zili ndi kachitsulo kotsika kutchinga mphuno basi. Zishango zambiri ndi zazitali, zozungulira kumtunda n'kusongoka kumunsi. A ku Normandy ali pa akavalo, pomwe Angerezi a mfumu Harold aima pansi mothithikana, zishango atagundanitsa ngati mpanda, ena atanyamula nkhwangwa zikuluzikulu.

Pa nsalu yomweyi pali kachigawo komwe kandiphunzitsa zambiri. Mphekesera itamveka pakati pa nkhondo kuti William wa ku Normandy wafa, iye akuoneka akukweza chisoti chake kuti anthu ake aone nkhope. Nthawi imeneyo mwambo woti banja lililonse la akuluakulu likhale ndi chizindikiro chakechake pa chishango unali usanakhazikike, unadzayamba m'zaka za m'ma 1100. Choncho mkango uja nawo unafika msanga pa chishango cha Macbeth.

Mnyamatayu sanadzipekere yekha zolakwikazi. Anatengera ku masewera a pa foni ndi mafilimu, ndipo nawo anatengera kwa ena. Mu 1944 kunatuluka filimu ya Henry V ya Laurence Olivier, momwe ankhondo a ku France akuwakweza pa hatchi ndi zingwe chifukwa ati chitsulo chinkalemera zedi. Anthu ambiri anakhulupirira zimenezi mpaka lero. Koma zovala zenizeni zomwe zasungidwa m'nyumba zakale monga Wallace Collection ku London ndi Royal Armouries ku Leeds zimaonetsa kuti chovala chonse cha ku nkhondo chinkalemera makilogalamu 20 mpaka 25. Kumeneko ndi kulemera kwa theka la thumba la feteleza, komanso kulemerako kunkagawikana thupi lonse. Munthu ankatha kuyenda, kukwera hatchi ndi kudzuka yekha akagwa. Lupanga logwira ndi dzanja limodzi linkalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono, osasiyana kwenikweni ndi paketi ya shuga.

Ngakhale akavalo timawakuza. Akatswiri a pa yunivesite ya Exeter atayeza mafupa a akavalo akale a ku England anapeza kuti ambiri sankafika mita imodzi ndi theka kutalika kwake poyeza pamapewa. Nyanga zija timaona pa zisoti za ma Viking nazonso si za ku nkhondo. Zinatchuka chifukwa cha zovala zomwe Carl Emil Doepler anakonzera ochita zisudzo za nyimbo za Richard Wagner ku Bayreuth mu 1876. Bodza likavala bwino limakhalitsa, ndipo wojambula aliyense wobwera amangokopera kwa mnzake.

Wina anena kuti, “Inu aphunzitsi, musiyeni mwana ajambule, luso si mayeso a History.” Mawu amenewa sindikuwataya, chifukwa ojambula akale enieniwo sankasamala za zaka. M'Baibulo la zithunzi lomwe linajambulidwa ku France cha m'ma 1240, lomwe mbali yake yaikulu ili ku Morgan Library ku New York, ankhondo a m'Chipangano Chakale avala ndendende ngati ankhondo a ku France a nthawi ya wojambulayo. Mu 1529 Albrecht Altdorfer anajambula nkhondo ya ku Issus, yomwe Alexander anamenya zaka 333 Yesu asanabadwe, koma asilikali ake anawaveka zitsulo za m'ma 1500, ndipo ambiri mwa Aperisi anawaonetsa ngati anthu a ku Turkey. Chaka chomwecho asilikali a ku Turkey anazinga mzinda wa Vienna, ndiye oona chithunzicho ankadziwa chomwe wojambula akunena. Shakespeare mwini wake anapotoza mbiri, pakuti Duncan weniweni anafera ku nkhondo, sanaphedwe ali m'tulo m'nyumba ya Macbeth.

Ndikuvomera zonsezi, komabe pali kusiyana. Chithunzi cha Altdorfer chili pa khoma ku Munich, ndipo pambali pake alembapo dzina ndi chaka. Chithunzi cha pa kompyuta chimachoka pa Facebook kupita pa WhatsApp chilibe dzina, chilibe chaka, chilibe mawu ofotokoza. Zina zimaoneka ngati zojambulidwa ndi kamera. Mwana wa m'tauni yaikulu kunja akhoza kupita kukaona chisoti chenicheni n'kuzindikira kuti pa foni anamunamiza. Pa sukulu ngati yathu, pomwe buku limodzi amagawana ana asanu, chithunzi chomwe ndamata pa khoma chimakhala buku lokhalo pa nkhaniyo. Chomwe mwana waona amachisunga kuposa chomwe ndalemba pa bolodi.

Kubwera kwa mapulogalamu a AI kwakulitsa vutoli. Makinawa amaphunzira kuchokera ku mulu wa zithunzi zomwe zili kale pa intaneti, ndipo pa mulu umenewo za masewera ndi mafilimu ndi zochuluka. Ukawapempha wankhondo wapakavalo amatola chisoti cha zaka zina, magolovesi a zaka zina, n'kuwonjezera minga pamapewa yomwe ikanamubaya mwini wake pakhosi akakweza mkono. Chithunzi chimatuluka chowala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si kulakwitsa chisoti. Zithunzi zonyezimirazi zimabisa chomwe nkhondo inali. Taganizani za Agincourt, pa 25 Okutobala 1415. Kunali kutagwa mvula ndipo anamenyanira m'munda wolimidwa kumene. Ambiri mwa asilikali a Henry V anali oponya mivi, anthu wamba opanda zitsulo zokuta thupi, omwe anazika zikhomo zosongoka patsogolo pawo kuti akavalo asawafike. Ankhondo ambiri a ku France anayenda pansi, akutitimira m'matope, akupuma movutikira m'zisoti zotseka, mpaka kupanikizana okhaokha. Nkhondo isanathe Henry analamula kuti akaidi aphedwe. Pa zithunzi zambiri za pa intaneti simupezapo matope, anthu wamba kapena akaidi aja.

Ku Visby, pa chilumba cha Gotland ku Sweden, asilikali a mfumu Valdemar ya ku Denmark anamenyana ndi alimi a pachilumbapo mu 1361. Manda a chigulu atafukulidwa, munapezeka mafupa a anthu oposa 1,000, ena akadali m'malaya awo a timphete. Pakati pawo panali okalamba ndi anyamata osakhwima, ndipo mabala ambiri anali m'miyendo, poti chishango chimateteza kumtunda. Amene akufuna kujambula nkhondo ya nthawi imeneyo moona ayenera kukumbukira alimi amenewa. Mwana amene wakula akuona nkhondo ngati phwando la zitsulo zowala waphunzira phunziro loipa, ngakhale nkhondoyo ikhale ya kutsidya kwa nyanja.

Kuti ophunzira anga amve bwino, ndinawafunsa funso limodzi. Nanga wojambula wa ku Ulaya atafuna kuonetsa Angoni a Zwangendaba akuwoloka Zambezi mu 1835, n'kuwaveka nsalu zofiira za Amasai, m'malo mwa zishango za chikopa cha ng'ombe n'kuwapatsa zachitsulo, kenaka n'kunena kuti zonse ndi za ku Africa, mungamve bwanji? M'kalasi munabuka phokoso. Mtsikana wina anati kumeneko n'kutukwana. Ndinawauza kuti ulemu womwe tikufuna pa mbiri yathu tiyenera kuupereka pa mbiri ya eni.

Kwa achinyamata amene mukujambula pa foni ndi pa kompyuta, malangizo anga ndi ochepa. Musanayambe, dzifunseni kuti nkhondoyo ndi ya chaka chiti, inachitikira kuti, ndipo munthu mukujambulayo anali wolemera kapena wosauka, chifukwa chitsulo chinali chodula ndipo si aliyense ankachikwanitsa. Kenaka funafunani chinthu chomwe chinapangidwa nthawi yomweyo. Ngati ndi zaka za m'ma 1370, onani chifanizo cha pa manda a Edward, uja ankamutcha Black Prince, ku Canterbury. Iye anamwalira mu 1376 ndipo chifanizocho chikuonetsa chovala chake chonse. Metropolitan Museum ya ku New York inaika zithunzi zambiri za katundu wake pa intaneti kuti aliyense agwiritse ntchito mwaulere. Muonenso ngati munthu angathe kupinda chigongono, kukhala pa hatchi ndi kuona kutsogolo atavala chomwe mwajambulacho. Mukafuna kujambula za m'maloto, za zinjoka ndi malupanga amoto, jambulani ndithu, palibe tchimo. Ingolembani pansi pake kuti ndi zopeka.

Kubwerera kwa mnyamata uja kunali kovuta. Nditamuuza, nkhope inagwa. “Ndiye kuti ndataya nthawi, aphunzitsi?” anafunsa. Ndinamuuza kuti wolakwa woyamba ndine, amene ndinayamikira ndisanafufuze, ndipo dzanja lake lilibe vuto. Tinaonera limodzi zigawo za nsalu ya ku Bayeux pa foni yanga. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anadandaula kuti timphete timeneti kujambula kamodzikamodzi ndi chala kumupweteka. Ndinamuyankha kuti wosula zitsulo ankalumikiza timphete masauzande ambiri ndi manja kuti atulutse malaya amodzi.

Patapita sabata zitatu anabwera ndi Macbeth wachiwiri. Uyu waima pansi, chisoti chosongoka, ndevu zili poyera, miyendo ili mbuu ndi matope, ndipo kumbuyo kwake kuli anthu a mikondo ovala nsalu wamba. Nkhope ikuoneka ya munthu wotopa amene akudziwa kuti mwina safika madzulo. Pa chithunzi choyamba chija nkhope sinkaoneka n'komwe, inali itabisika m'chitsulo.

Zithunzi zonse ziwiri ndinazisindikiza ndipo zili pa khoma la Fomu 3. Pansi pa choyamba mwini wake analemba kuti “Macbeth wa m'masewera”, pansi pa chachiwiri analemba “Macbeth, cha m'ma 1050”. Ana akamadutsa amaima n'kuyamba kutsutsana kuti chabwino ndi chiti, ndipo ambiri amakondabe wa hatchi yakuda uja. Ine sindiwaletsa, bola akudziwa kuti pa awiriwo amene akanamuzindikira anthu a ku Scotland ndi uti.

Aphunzitsi anzanga amene mwayamba kutenga zithunzi pa intaneti n'kupita nazo m'kalasi, chonde yambani mwafunsa chaka chake musanamate pa khoma. Ine bandulo ya tsiku limodzi inandipulumutsa ku kuphunzitsa bodza chaka chonse.