Ndere zimwe utsi wa simenti, ife tiyang'ane ku Mvai

Asayansi a maiko ena akudyetsa ndere utsi wa m'mafakitale. Amalumikiza paipi ku chumuni, utsiwo n'kumatulukira pansi pa maiwe osaya momwe amaweteramo ndere. Dzuwa likawomba, nderezo zimamwa mpweya wa kaboni dayokisaidi n'kumachulukana. Pofika pa kilogalamu 1 ya ndere zouma, zimakhala zitamwa pafupifupi makilogalamu 2 a mpweyawu. Akazikolola amapangira chakudya cha nsomba, feteleza kapena mafuta.

Ndikufuna makampani a simenti, monga Shayona ku Kasungu ndi Cement Products ku Mangochi, ayese njira imeneyi. Mwala wa laimu ukapsa, pafupifupi 44 peresenti ya kulemera kwake imauluka ngati kaboni dayokisaidi, kaya motowo ndi wa malasha kapena wa nkhuni. Dzuwa tili nalo, ndipo alimi a nsomba amadandaula za mtengo wa chakudya. Koma tisanamizane. Maiwe amafuna madzi ambiri ndi malo aakulu, ndipo nsomba ikadya ndere kapena mafutawo akayaka, mpweya uja umabwereranso kumwamba.

Nanga kuno ku Ntcheu? Ine ndimayenda pa M1, ndipo chumuni cha fakitale yayikulu sindichiona. Ndimaona matumba a makala ali ndanda ku Manjawira ndi ku Senzani, ndi mauvuni a njerwa akufuka kuseri kwa nyumba. Utsi wathu ndi umenewo, wamwazikana m'midzi, ndipo palibe paipi ingautolere. Wotha kuumeza ndi mtengo, umene umasunga kaboni mu thunthu ndi m'mizu kwa zaka zambiri ukapanda kudulidwa.

Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda. Chaka chomwecho damu la Mpira linaphwa, mipopi n'kuuma ku Ntcheu ndi ku Balaka. Aliyense amene anakwerako ku nkhalango ya Mvai, komwe kumachokera madzi a damulo, anaona zitsa. Zimandiwawa kuti tinachita kudikira mipopi iume kuti tiyambe kukamba za nkhalangoyi.

Mu 2023 boma linakhazikitsa Malawi Carbon Markets Initiative kuti dziko lizipeza ndalama posunga kaboni. Ine ndikuti gawo la ndalama zimenezo, pamodzi ndi za makampani otulutsa utsi, lifike m'manja mwa anthu a m'midzi yozungulira Mvai. Asalipidwe pa mbande zodzala tsiku la mwambo, zimene mbuzi zimadya alendo akangonyamuka. Alipidwe chaka ndi chaka pa mitengo yomwe yapulumuka chilimwe: nsangu za m'munda, zimene zimayoyola masamba nthawi ya dzinja chimanga n'kumalandira dzuwa, nsungwi za m'mbali mwa mitsinje, ndi zitsa zophukira zomwe mwini munda wazisamalira. Wootcha makala woyamba kulembedwa ntchito yowerenga mitengoyo akhale wa m'mudzi momwemo.