"Free" si mahala nthawi zonse

Abale ndi alongo, zilengezo zambili za boma, mabanki ndi ogulitsa mbeu zimatifikila m'Cizungu. Zikamasulidwa pa msonkhano wa kumudzi kapena pambuyo pa Misa, zonse zimasanduka mau amodzi akuti "ni mahala". Apa ndiye pamene ambili a ife tikugwela m'mbuna, cifukwa Cizungu cili ndi mau angapo onena za kumasulidwa ku udindo, ndipo lililonse lili ndi malile ake.

Tiyambe ndi "free". Mu 2002 boma linalengeza maphunzilo aulele kuyambila Giledi 1 mpaka 7, ndipo mu 2022 linawafikitsa ku Giledi 12. Cimene cinacotsedwa ndi ndalama ya sukulu. Nsapato, cakudya ndi sopo zikali pa mutu wa kholo, ndipo mwana wogonela ku sukulu ali ndi zake zolipila.

Mau akuti "exempt" atanthauza kuti lamulo lilipo ndithu, koma inu mwapatulidwa. Wanchito wa malipilo ocepa salipila msonkho wa PAYE, koma malipilo akakwela kupyola malile, msonkho umamupeza.

"Waive" ndi pamene mwini wake wa ndalama akulekelelani mbali ina mwa kufuna kwake. Mu 2017 bungwe la ZRA linakhululukila anthu zilango ndi ciwongola dzanja, koma msonkho weni-weni unayenela kulipilidwa.

Alimi anzanga, "subsidy" si mphatso. Pa feteleza wa FISP boma limalipila mbali yaikulu, koma mlimi amayamba waikapo yake. Ndipo wina akakupatsani mbeu nanena za "grace period", dziwani kuti wangokupatsani nthawi yopumila. Nkhongole ikali kukudikilani pa nthawi yokolola.

Ngakhale dziko lathu linaphunzila kusiyana kumeneku. Akhristu ambili anasaina zikalata za Jubilee 2000 kupempha "debt cancellation", kufafaniza nkhongole, potengela caka ca Jubili ca pa Levitiko 25. Mu April 2005 Zambia inakwanilitsa zofunika za HIPC, ndipo mbali yaikulu ya nkhongole ya pafupi-fupi madola 7 biliyoni inafafanizidwadi. Koma pangano la mu 2023, pambuyo polephela kulipila mu 2020, linali "restructuring": kutalikitsa zaka zolipila ndi kucepetsa ciwongola dzanja. Ana athu adzalipilabe.

Ena adzati izi ndi nkhani za ophunzila. Ayi. Amene amalandidwa ng'ombe kapena njinga cifukwa ca pepala limene anadindapo cala si loya wa ku Lusaka, koma mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke. Ndipo amene anamuuza kuti "ni mahala" kambili amakhala mnzake wa mtima wabwino amene anamasulila mofulumila.

Conco ndipempha akatekisiti, aphunzitsi ndi atsogoleli a makopaletivu: pomasulila cilengezo musathamangile mau akuti mahala. Nenani poyela cimene cacotsedwa, amene acotseledwa, kufikila liti, ndi cimene catsala kuti munthu alipile. Nafenso tisacite manyazi kufunsa tisanasaine, ngakhale pamaso pa bwana wovala tayi. Akulu anati safunsa anadya phula.