Mankhusu a mpunga angapulumutse Mkuwazi

Aliyense woyenda pamsewu wa M5 kudutsa pa Chintheche waonapo mauvuni a njerwa akufuka utsi. Uvuni uliwonse umadya mitengo, ndipotu nkhalango ya Mkuwazi siili patali.

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la NCIC, lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi zamalonda. Lamulo labwino ndithu. Koma tinene chilungamo: mayi wogulitsa usipa amene akufuna kumanga kagolosale, ndalama za mabuloko a simenti azitenga kuti?

Yankho lili kuseri kwa zigayo. Alimi a ku Limphasa amakolola mpunga chaka ndi chaka, koma mankhusu ake amangounjikidwa ngati zinyalala. Ku Mwanza wa ku Tanzania anthu adaphunzira kuotchera njerwa mankhusu omwewa, ndipo ntchitoyi idalandira mphotho ya Ashden mu 2006. Mankhusu amanyeka pang'onopang'ono, njerwa nkupsa bwinobwino osagwetsa mtengo ndi umodzi womwe.

Khonsolo ya Nkhata Bay iphunzitse achinyamata lusoli, nalo boma linene poyera kuti njerwa zoterezi nzololedwa. Apo ayi, anthu azingodula mitengo usiku.